Wophunzira unamwino ndi wodwala waulumali: kaonedwe kake kamaumbidwira kuti?

Mu 2024 dziko la Malawi linakhala ndi lamulo latsopano loona za anthu aulumali, lomwe linalowa m'malo mwa malamulo awiri akale, la 1971 ndi la 2012. Bungwe la boma loona za anthu aulumali lomwe tinazolowera kulitcha MACOHA linasintha n'kukhala MACODA. Anthu akamakamba za lamuloli, msanga amathamangira ku nkhani ya nyumba: masitepe, zitseko zopapatiza, zimbudzi zosalowa njinga ya munthu waulumali. Zimenezo n'zofunika ndithu. Koma pali dandaulo lina lomwe mabungwe a anthu aulumali akhala akulinena kwa zaka zambiri, ndipo silikonzeka ndi simenti. Likukhudza mmene wachipatala amamulandirira munthu.

Apa m'pamene anthu amasiyana maganizo. Odwala ndi odwazika amati anamwino ena alibe mtima. Anamwino nawo amati ntchito yawachulukira, ndipo zina mwa zimene akudzudzulidwa nazo palibe anawaphunzitsapo. Onsewa akunena zoona. Kuti timvetse, tiyenera kubwerera kumene namwino amaumbidwa, pamene akadali wophunzira.

Nkhaniyi si ya anthu ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 alionse azaka 5 kupita m'mwamba, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina wake, ndipo anthu achialubino analipo 134,636. Boma la Mangochi lokha linali ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni. Choncho wophunzira aliyense wotumizidwa ku chipatala cha boma pa Mangochi, ku St Martin's ku Malindi, ku Monkey Bay, ku Namwera kapena ku Makanjira, sangathe sabata osakumana ndi wodwala wosamva, wosaona bwino, wa khunyu kapena wofa ziwalo.

Kaonedwe n'chiyani kwenikweni?

Akatswiri akamanena za kaonedwe ka munthu pa anthu ena, amatanthauza zinthu zitatu zoyendera limodzi ngati mafuwa a pamoto. Fuwa loyamba ndi zimene munthu amakhulupirira, mwachitsanzo kuti khunyu n'lopatsirana. Lachiwiri ndi zimene amamva mumtima akamuona munthuyo: mantha, chisoni, manyazi, kunyansidwa kapena kumasuka. Lachitatu ndi zimene amachita, monga kufulumira kumaliza kuti achokepo. Fuwa limodzi likapendekeka, mphika wonse umapendekeka.

Pa zitatuzi, chimene chimanamiza kwambiri ndi chisoni. Chimaoneka ngati mtima wabwino, ndipo wophunzira wachisoni amadziona kuti akuchita bwino. Koma chisoni n'chimene chimamuchititsa kulankhula ndi bambo wazaka 50 ngati akulankhula ndi mwana, kumugwira njinga yake osapempha, kapena kumuganizira zoti achite m'malo momufunsa. Wodwalayo amaona zonsezi, ndipo ulendo wina amangokhala kunyumba mpaka matenda atakula.

Palinso kusiyana pa kamvedwe ka ulumali weniweniwo. Kamvedwe kakale ka chipatala kamaona vuto lili m'thupi la munthu, ndipo ntchito ya wachipatala ndi kulikonza. Kamvedwe kena, komwe kali pa maziko a pangano la United Nations la 2006 la ufulu wa anthu aulumali (Malawi analivomereza mu 2009), kamati ulumali umabwera pamene thupi la munthu lakumana ndi chotchinga. Taganizirani munthu wa ku Ntcheu wosadziwa Chiyao atafika kwa agogo a ku Katuli amene sayankhula Chichewa. Makutu ake ali bwino, pakamwa pake pali bwino, koma sakumvana mpaka atapezeka womasulira. Munthu wosamva akafika pa chipatala chopanda wodziwa chinenero chamanja, zimakhala chimodzimodzi: vuto lili pakati pa awiriwo. Namwino amafunika kamvedwe konse kuwiri. Bala ayenera kulitsuka, koma ayeneranso kuona kuti bedi lalitali losatsika ndilo likulepheretsa mayi kukwera kuti apimidwe.

Kaonedwe amakayeza bwanji?

Njira yofala ndi ya mafunso olemba. Imodzi yakale kwambiri ndi ATDP, yomwe Harold Yuker ndi anzake anakonza ku America mu 1960. Wophunzira amapatsidwa ziganizo zonena za anthu aulumali, ndipo pa chilichonse amasonyeza kuti akugwirizana nacho kapena akutsutsana nacho mpaka pati. Mapointi akaphatikizidwa amaonetsa ngati iye amaona anthu aulumali kukhala ofanana ndi ena onse.

Kafukufuku wotere m'maiko osiyanasiyana satulutsa zotsatira zofanana, koma pali zinthu ziwiri zomwe zimabwerezabwereza. Ophunzira amene anakhalapo pafupi ndi munthu waulumali, m'banja, m'kalasi kapena kuntchito, kawirikawiri amakhala omasuka kuposa anzawo. Ndipo ulumali wa m'thupi umalandiridwa bwino kuposa wokhudza nzeru kapena matenda a maganizo.

Njirayi ili ndi chofooka chimene mphunzitsi aliyense amachidziwa. Wophunzira wanzeru amaona yankho lomwe likufunika, n'kulemba lomwelo. Papepala aliyense ndi wabwino. N'chifukwa chake zotsatira za mafunsowa ziyenera kuikidwa pambali pa zimene odwala eniake akunena. Lipoti la World Health Organization (WHO) ndi World Bank la 2011 linapeza kuti anthu aulumali amakanizidwa chithandizo kuwirikiza katatu, ndipo amachitiridwa zosayenera kuchipatala kuwirikiza kanayi, poyerekeza ndi anthu ena. Lipoti lina la WHO la 2022 linati anthu aulumali alipo pafupifupi 1.3 biliyoni padziko lonse, ndipo ena mwa iwo amamwalira msanga ndi zaka zofika 20. Imfa zambiri zoterezi sizibwera ndi ulumaliwo. Zimabwera ndi matenda wamba amene sanaonedwe nthawi yabwino.

Sukulu zitatu za namwino

Wophunzira safika ku koleji ali mbale yopanda kanthu. Sukulu yake yoyamba ndi kwawo. Ngati anakula akumva kuti mwana wobadwa wopuwala ndiye kuti makolo anakhwimira chuma, kapena kuti malovu a munthu wogwa khunyu amapatsira, zimenezo amalowa nazo m'kalasi pamodzi ndi sutikesi yake. Amalowanso ndi mawu amene anazolowera: chitsiru, gonthi, napweri, mzungudala. Iye sawamva kupweteka chifukwa sanamutchulepo iyeyo.

Sukulu yachiwiri ndi kalasi. Ku Malawi kuno namwino amaphunzira zaka zitatu za dipuloma kapena zinayi za digiri, m'makoleji a mipingo a CHAM monga St Luke's ku Malosa, ku Malawi College of Health Sciences, ku Mzuzu University kapena ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yomwe inabadwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi ndilo limavomereza maphunzirowa ndi kupereka chilolezo chogwirira ntchito. Maphunziro a unamwino kulikonse amagawidwa potsata matenda ndi ziwalo: za ana, za uchembere, za opaleshoni, za maganizo. Kagawidwe kameneka kali ndi phindu lake, koma kamachititsa kuti ulumali uzioneka ngati mathero a matenda. Wophunzira amadziwa kuti malungo a mu ubongo angasiye mwana wosamva. Funso loti mwana yemweyo, atakula n'kubwera ku sikelo ali woyembekezera, adzalankhula naye bwanji, limagwera pakati pa maphunziro awiri.

Sukulu yachitatu ndiyo yamphamvu kuposa zonse: wodi. Akatswiri a zamaphunziro amaitcha maphunziro obisika, kutanthauza zimene munthu amatola poona akuluakulu ake popanda wina kumuuza. Mwana wa msodzi saphunzira kupalasa bwato pa bolodi, amaonera bambo ake. Wophunzira akaona sisitala akugwada kuti maso ake alingane ndi a wodwala wa pa njinga, nayenso adzagwada. Akaona kuti wodwala wosalankhula bwino amasiyidwa kuti aonedwe pomaliza, adzaona ngati ndiwo mwambo wake. Ndipo wophunzira amadikira siginecha ya wamkulu yemweyo m'buku lake la maluso, ndiye n'kovuta kuti atsutse.

Tisaiwale kuti pa chipatala chaching'ono namwino mmodzi amatha kuyang'anira sikelo, chipinda chochirira ndi odwala akunja tsiku limodzi. Wodwala wofuna mphindi 20 pamene ena akutha m'mphindi zisanu amaoneka ngati wochedwetsa mzere. Zambiri zimene odwala amazimva ngati nkhanza zimayambira pa kutopa, mantha ndi kusadziwa chochita. Kudziwa zimenezi sikuchepetsa ululu wa wodwalayo, koma kumasonyeza pamene mankhwala ake ali.

Mmene zimalakwikira pa bedi la wodwala

Cholakwika choopsa kwambiri chili ndi dzina lake m'Chingerezi, diagnostic overshadowing, ndiko kuti ulumali umaphimba matenda ngati mthunzi wa mtengo waukulu. Mnyamata wa ulumali wa nzeru wayamba kudzimenya kumutu ndi kukana nsima. Achibale akuti wayambanso zake zija, wachipatala n'kuvomereza, n'kupereka mankhwala ogonetsa. Chonsecho mnyamatayo dzino lamubowoka, kapena khutu latupa mafinya, kapena wadzimbidwa kwa sabata. Lamulo lomwe wophunzira ayenera kuliloweza ndi lakuti khalidwe likasintha mwadzidzidzi, ayambe wafufuza ululu ndi matenda: ayeze kutentha kwa thupi, malungo, shuga, aone m'kamwa, m'makutu, pamimba ndi mkodzo, kenako ndiye aganize za maganizo.

Chachiwiri ndi kulankhula ndi wodwazika, mwini matenda ali pomwepo. Kwa munthu wosaona palibe chifukwa chilichonse chochitira zimenezo. Namwino atchule dzina lake, anene chimene akufuna kuchita asanamugwire, ndipo akamachoka anene kuti akuchoka, kuopa kumusiya akulankhula yekha. Pomutsogolera, wodwalayo ndiye agwire mkono wa namwino pamwamba pa chigongono, namwino akhale patsogolo pang'ono, osati kumukoka dzanja. Mapiritsi a mitundu iwiri m'timapepala tofanana ndi ngozi: kapepala kena kamangidwe mfundo imodzi, kena ziwiri, ndipo wodwalayo akhudze yekha n'kubwereza kamwedwe kake.

Kwa munthu wosamva, vuto limayambira pa mzere. Mayina amaitanidwa pakamwa, iye samva, ena amamudutsa, dzuwa n'kupendeka ali pa benchi. Chizindikiro chaching'ono pa kabuku kake ka kuchipatala chimathetsa zimenezi. M'chipinda, namwino ayang'anizane naye, kuwala kugwere pa nkhope ya namwinoyo, alankhule mwachizolowezi popanda kukuwa, chifukwa kukuwa kumapotoza milomo. Si onse osamva amene amadziwa chinenero chamanja cha ku Malawi. Amene sanapite ku sukulu amagwiritsa zizindikiro za pakhomo pawo, ndipo kulemba sikungawathandize, koma kujambula ndi kusonyeza. Kugwedeza mutu si umboni woti wamva, choncho asonyeze yekha kuti amwa angati ndiponso nthawi yanji. Povuta zedi ndi pa zachinsinsi. Zotsatira za HIV zikadutsa m'manja mwa mlamu kapena mwana wake, chinsinsi chathera pomwepo. Wodwalayo afunsidwe kaye amene akufuna kuti amumasulire, ndipo mwana wamng'ono asapatsidwe katundu ameneyu.

Nkhani ya uchembere ndiyo imaonetsa poyera zimene zili mumtima. Amayi aulumali akhala akudandaula kuti akapita ku sikelo amafunsidwa kuti wawapatsa mimba ndani, ngati kuti kukwatiwa ndi kubereka si zawo. Wachipatala amene amaganiza choncho sawauza za kulera, sawayeza khansa ya khomo la chiberekero, sawafunsa ngati wina akuwagwiririra. Pali chitsanzo chimodzi chosonyeza mtengo wake. Mankhwala a khunyu a phenobarbitone ndi carbamazepine amafooketsa mphamvu ya mapiritsi olerera ndi ya kachipangizo ka pamkono, pomwe jakisoni wa miyezi itatu ndi lupu zimagwirabe bwino. Mankhwala ena, sodium valproate, angavulaze mwana m'mimba. Mayi wa khunyu amene sanafunsidwe za kulera, chifukwa wina anaganiza kuti sizimukhudza, sadzazimva zimenezi. Kumbali inayo, kutseka mayi kapena kumuika njira yolera popanda chilolezo chake, ngakhale achibale atapempha, ndi kumuphwanyira ufulu.

Khunyu lenilenilo silipatsirana m'malovu kapena mu mpweya. Kuno kunyanja ngozi zake ndi madzi ndi moto. Munthu akagwa, achotsedwe pafupi ndi moto, aikiridwe chofewa kumutu, agonekedwe cham'mbali, ndipo m'kamwa musalowe supuni, chala kapena madzi. Namwino ayang'ane wotchi: kukomoka kukapitirira mphindi zisanu, kapena kukabwereza munthu asanatsitsimuke, pafunika mankhwala amwadzidzidzi. Wophunzira amene akadali ndi mantha a kwawo aja amaima patali nthawi imene manja ake akufunika.

Pa munthu amene anavulala msana, monga zimachitikira pa ngozi za kabaza, ntchito yaikulu ndi kusamala khungu lake. Iye samva kupweteka, ndiye sadandaula, ndipo wodwala wosadandaula amaiwalika. Azitembenuzidwa maola awiri alionse, nsalu zikhale zouma zopanda makwinya, ndipo tsiku lililonse aonedwe m'chiuno, kumatako ndi kuzidendene. Malo ofiira kapena akuda kuposa khungu lozungulira, otentha kapena olimba, ndicho chiyambi cha chilonda chomwe chingatenge miyezi. Amene anavulala chakumtunda kwa msana akayamba kumva mutu kugunda, thukuta kumaso, BP n'kukwera mwadzidzidzi, nthawi zambiri paipi ya mkodzo yapindika kapena yatsekeka. Akhazikidwe tsonga, zovala zimasulidwe, paipi ionedwe nthawi yomweyo. Odwala amene akhala ndi vutoli zaka zambiri amalidziwa kuposa wophunzira, ndipo akanena ayenera kumvedwa.

M'chipinda chochirira, mawu oyamba a mzamba amalemera koposa. Mwana wachialubino akabadwa, nkhope ya mzamba ndiyo mayi amayamba kuwerenga. Makolo onse awiri auzidwe momveka kuti chialubino chimachokera ku mbali zonse ziwiri, kwa bambo ndi kwa mayi, kuti mlandu usagwere mayi yekha. Auzidwe za chipewa cha khonde, zovala za manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, kuyezetsa maso, ndi kuti chilonda chosapola chionedwe msanga chifukwa cha khansa ya pakhungu. Pa dzuwa la Okutobala la ku Mangochi, kumuimika munthu wachialubino pa mzere wa panja ndi kumuvulaza. Ndipo poti kuyambira chakumapeto kwa 2014 dziko lino laona anthu achialubino akubedwa ndi kuphedwa, nthawi yomutulutsa m'chipatala ndi amene akumuperekeza ziyenera kuganiziridwa. Mwana wobadwa ndi mapazi opindikira mkati naye asangouzidwa kuti ndi mmene Mulungu anamulengera. Njira ya Ponseti, yoika chikhakha chosinthidwa sabata iliyonse kenako nsapato zapadera, imawongola mapazi ambiri ikayamba m'masabata oyambirira, ndipo chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chimadziwika ndi ntchito ya mafupa a ana.

Kuphunzitsa kotani kumasintha munthu?

Phunziro limodzi la ola limodzi lonena za ufulu limawonjezera zodziwa, koma mantha limawasiya pomwepo. Limakhudza fuwa limodzi lokha.

Njira ina yotchuka ndi yoyerekeza: ophunzira amamangidwa nsalu kumaso kapena kukwezedwa pa njinga kwa ola limodzi. Cholinga n'chabwino, koma kafukufuku wasonyeza kuti ingathe kubala zosiyana ndi zofunidwa. Womangidwa kumasoyo amangomva mantha a tsiku loyamba. Samva luso la munthu amene wakhala zaka 30 akuphika, kulima ndi kulera ana osaona. Amatulukamo ndi chisoni chochuluka kuposa kale. Ngati njirayi igwiritsidwa ntchito, ndi bwino aitsogolere munthu waulumali, ndipo maso akhale pa zotchinga: chitseko, bedi, chimbudzi, njira yotsetsereka yomwe iyenera kutalika mamita 12 pa mita imodzi iliyonse yokwera, koma inamangidwa ngati chulu.

Chimene chili ndi umboni wolimba ndi kukumana. Katswiri wa zamaganizo Gordon Allport analemba mu 1954 kuti tsankho limachepa anthu akakumana, koma pokhapokha akumane ngati ofanana, ali ndi cholinga chimodzi, ndipo akuluakulu akuchirikiza. Mfundo ya kufanana ndiyo imasoweka m'wodi, chifukwa kumeneko munthu waulumali amakhala wagona, wadwala, wavula. Wophunzira amene amangokumana naye motero amamudziwa pa tsiku lake loipitsitsa. Zimasintha munthu waulumali akaima kutsogolo kwa kalasi ngati mphunzitsi, n'kulipidwa ngati mphunzitsi. Mabungwe alipo: FEDOMA yomwe imaphatikiza mabungwe a anthu aulumali, MANAD ya anthu osamva, Malawi Union of the Blind, APAM ya anthu achialubino, PODCAM ya makolo a ana aulumali. Zimasinthanso wophunzira akamuyendera munthuyo kwawo pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo, n'kuona mchenga umene njinga imatitimira, mtunda wokafika ku chipatala, ndi mtengo wa kabaza wa anthu awiri. Mangochi ali ndi mwayi pamenepa, popeza KUHeS ili ndi nthambi yake konkuno ndipo ophunzira azaumoyo akhala akubwera kudzaphunzira ntchito ya m'midzi.

Kenako pali mayeso. Wophunzira aliyense amalimbikira zimene zimabwera pa mayeso. Makoleji amagwiritsa ntchito OSCE, mayeso amene wophunzira amayenda malo ndi malo akuchita luso m'mphindi zowerengeka, woyesa akuchonga pa pepala. Malo amodzi akhoza kukhala a mayi wosamva wofuna njira yolera, ena a kusamutsa munthu kuchoka pa njinga kupita pa bedi: kutseka mabuleki, kuchotsa zopondera, kumufunsa mwini wake mmene amasamukira, kupinda mawondo osati msana. Ena akhoza kukhala a kudyetsa mwana wa ulumali wa ubongo: kumukhazika tsonga, chibwano chitawerama pang'ono, phala lolimbirako, supuni yaing'ono, ndi kumusiya chikhalire kwa mphindi pafupifupi 30 atadya, kuti chakudya chisalowe m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Kaonedwe kakasanduka zochita zooneka ndi maso, kamatheka kuphunzitsidwa ndi kuchongedwa.

Pali mtsutso weniweni pa kakonzedwe kake. Ena amafuna phunziro lapadera la ulumali, kuti likhale ndi mwini wake, maola ake ndi mayeso ake. Ena amati likapatulidwa lidzaoneka ngati nkhani ya akatswiri okha, ndiye ndi bwino lilowe m'phunziro lililonse, la uchembere, la ana, la HIV. Oyambawo amayankha kuti chinthu cha aliyense chimasanduka cha palibe. Onse amavomerezana kuti maphunziro ndi odzaza kale, ndipo kuwonjezera china ndiye kuti china chichepe. Chinenero chamanja nacho ndi chinenero chathunthu chosaphunzirika m'sabata imodzi. Zizindikiro zochepa za moni, ululu, mankhwala ndi nthawi zimatsegula khomo, koma pa nkhani ya chilolezo cha opaleshoni pamafunika womasulira weniweni.

Wodwala kapena wodwazika amene waona kuti sanalandiridwe bwino angayambe ndi wamkulu wa wodi kapena wa chipatalacho. M'zipatala za boma muli ofesi ya ombudsman wa chipatala yolandira madandaulo, m'zipatala zing'onozing'ono muli komiti ya anthu a m'deralo, ndipo nkhani yokhudza khalidwe la namwino pa ntchito yake ingafike ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Dandaulo limayenda msanga likakhala ndi tsiku, nthawi, wodi, ndi zimene zinanenedwa kapena kuchitika, ndipo wosatha kulemba ali ndi ufulu wolinena pakamwa kapena m'chinenero chamanja kuti wina amulembere.